Usiku wachiwiri wa mlendo ndiwo uli ndi phindu ku Tete

Ndimayendetsa nyumba yogona alendo ya zipinda zochepa ku Ulongwe, m'boma la Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Achinyamata ofuna kuyamba bizinesi yotere akabwera kudzacheza, funso lawo limakhala limodzi: azungu okaona malo tiwapeza kuti? Yankho langa siliwakomera. Mlendo wa ku Tete si uja wa kamera pakhosi amene amapita ku Vilankulo kapena ku Tofo kukasambira m'nyanja yamchere. Wathu ndi wodutsa. Ndi dalaivala wa thiraki wochokera ku Beira, mayi wodzapikula mbatatesi ndi nyemba, mmisiri wa ku migodi ya malasha ku Moatize, wa bungwe amene wabwera ndi semina ya masiku atatu, a kwaya, banja la ku Lilongwe lodzaona chiliza cha agogo awo. Anthu amenewa ali kale pamsewu, safuna kuitanidwa.

Tawerengani zipata zathu. Zóbuè yayang'anana ndi Mwanza, Calómuè ndi Dedza, Cassacatiza ndi Chanida ku Zambia, Cuchamano ndi Nyamapanda ku Zimbabwe, kuonjezapo bwalo la ndege la Chingozi. Komatu munthu atha kunyamuka ku Harare m'mawa, kuwoloka Zambezi pa mlatho wa Kassuende, umene unatsegulidwa mu 2014 ndipo umalambalala pakati pa mzinda wa Tete, n'kukagona ku Blantyre osagula ngakhale botolo la madzi kwathu kuno. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Usiku woyamba amagona poti kwamudera. Wachiwiri amagona poti wafuna, ndipo usiku umenewu ndi umene wophika, wa njinga yamoto, wa boti ndi wogulitsa uchi amadya nawo.

Amene anali ku Tete pamene malasha a ku Moatize anayamba kutumizidwa kunja, cha m'ma 2011, akukumbukira mmene zipinda zinakwerera mtengo. Aliyense wokhala ndi nyumba anaisandutsa pensão, nyumba yogona alendo, ambiri ndi ngongole ya kubanki. Mtengo wa malasha utagwa patapita zaka zochepa, makampani anachepetsa antchito, zipinda n'kungokhala pululu. Amene anapulumuka ndi aja anali ndi alendo a mitundu itatu kapena inayi. Ngati theka la ndalama zanu likuchokera kwa kampani imodzi, bizinesiyo mwini wake ndi kampaniyo, inu mukungoisunga.

Mtengo wa chipinda musautenge kwa neba

Ambiri amafunsa kuti pafupi apo akutchaja zingati, n'kuchotsapo pang'ono. Neba wanuyo mwina nyumba ndi ya makolo ake ndipo salipira lendi. Werengani zanu. Tiyerekeze muli ndi zipinda 6. Pamwezi ndiye kuti muli ndi mausiku 180 ogulitsa, koma chaka choyamba musawerengere kudzaza oposa 4 mwa 10 alionse, omwe ndi mausiku 72. Tiyerekezenso kuti malipiro a antchito, lendi, mlonda, intaneti ndi zokonzakonza zikukwana mametikali 45,000 pamwezi, kaya kwabwera munthu kaya ayi. Gawani 45,000 ndi 72, mupeza 625. Onjezani zimene mlendo aliyense amatha yekha, monga sopo, madzi, mayunitsi a magetsi a Credelec, kuchapa ndi kadzutsa, tinene 250. Chipinda chimenecho chikukudyerani 875 musanapeze kalikonse. Mukachigulitsa 800 anthu adzakutamani kuti ndinu otchipa, koma pofika Febuluwale, mvula itatseka misewu ya kumidzi, mudzasowa cholipira wochapa. Manambala anu adzasiyana ndi awa, koma kawerengedwe kake ndi komweka. Mukatero muziika padera 1 mwa magawo 10 a ndalama zolowa kuti muzisinthira matiresi, mashiti ndi mipope.

Za mapepala ndinena mwachidule. Pezani nambala ya msonkho (NUIT) ku Finanças, yambani za laisensi ya bizinesi (alvará) ku ofesi yolembetsera mabizinesi ya BAÚ kapena ku ofesi ya zachuma ya SDAE ya m'boma lanu, ndipo musamange musanaone kuti chikalata cha malowo (DUAT) chili m'dzina loyenera. Antchito alembetseni ku bungwe la penshoni la INSS, ogwira zakudya akhale ndi khadi la zaumoyo. Oyendera mabizinesi ochokera ku boma akabwera amayang'ana ukhondo wa kukhitchini, masiku othera a zakudya ndi zakumwa, mitengo yopachikidwa poonekera, chozimitsira moto ndi buku la madandaulo. Mlendo wakunja mumulembe m'buku ndi nambala ya pasipoti yake, chifukwa a Migração amafuna kudziwa kumene wagona. Ena amaona ngati zonsezi n'kutaya ndalama, koma mabungwe ndi maofesi salipira popanda fatura yokhala ndi NUIT. Wopanda mapepala amatsala ndi alendo olipira pang'ono okhaokha.

Madzi, magetsi ndi bedi

Mlendo amakhululuka khoma losapenta, koma sakhululuka chimbudzi chopanda madzi. Pa chipinda cha shawa ndi chimbudzi chogejemula ndimawerengera malita 70 pa munthu patsiku. Alendo 10 ndi malita 700, kukhitchini ndi kochapira kumapita ena 500. Thanki ya malita 5,000 ikusungani masiku anayi mpope ukauma. Kumbukirani kuti thanki yodzaza imeneyo imalemera matani 5, ndiye nsanja yake isakhale ya zitsulo zotsalira pa geti. Ikwezeni mamita 4 kapena 6 kuchokera pansi. Ikakhala m'munsi madzi a kushawa amangodontha, mlendo n'kumatsegula mpope mpaka kuthyola chogwirira. Dzenje la zoipa likhale mamita osachepera 30 kuchokera pachitsime, komanso kumunsi kwake.

Kuno kumapiri, Juni ndi Julayi madzi otentha si zokometsera. Shawa yamagetsi ija yomangirira kumpope imakoka mawati 3,500 mpaka 5,500. Pa waya wowonda wa magetsi ounikira imasungunula pulasitiki, ndipo yopanda waya wa pansi imagwedeza munthu ali chonyowa. Ipatseni waya wakewake wa 4 kapena 6 mm² ndi chodulira moto chake. Njira yotchipa ndi mgolo wa malita 200 wotenthetsa ndi nkhuni panja, koma paipi yotulutsa nthunzi ikhale yotsegula nthawi zonse, italike kupitirira thanki. Mmisiri akaitseka poti ikudontha, mgolowo utha kuphulika. Ndipo chonde, mlendo akadandaula kuzizira mupatseni bulangete lachiwiri ndi lachitatu. Mbaula ya makala m'chipinda chotseka mawindo imapha anthu ali mtulo.

Kuchigwa nkhani ndi ina. Mumzinda wa Tete, Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Chipinda cha malata chopanda siling'i sichigoneka, ngakhale mutaika mafani awiri. Ikani siling'i, pentani denga loyera, siyani mitengo ya mthunzi chakumadzulo. Makina oziziritsa chipinda chimodzi amatha mayunitsi 6 mpaka 8 usiku umodzi, choncho khalani ndi mitengo iwiri, wa fani ndi wa makina, mlendo asankhe yekha.

Magetsi akazima simufunika jenereta yaikulu, sola ndi batire zimakwana. Mababu 10 a mawati 5 oyaka maola 5 amatha 250 Wh, kachipangizo ka intaneti kamatha pafupifupi chimodzimodzi patsiku, mafoni a alendo pang'ono chabe. Batire ya 200 Ah pa 12 V imasunga 2,400 Wh, koma ya mtovu muzigwiritsa theka lokha, apo ayi siitha chaka. Cholakwika chofala ndi wantchito kulumikizapo ayironi kapena ketulo. Masoketi a sola apenteni mtundu wina. Ndikumbutsenso kanthu kakang'ono kamene ambiri amaiwala: a ku Malawi amabwera ndi mapulagi a mano atatu afulati, masoketi athu ndi a mabowo ozungulira. Sungani maadaputala asanu pa tebulo lolandirira alendo, muziwabwereketsa ndi chikole, chifukwa amakonda kupita nawo.

Bedi lililonse likhale ndi mashiti atatu osinthana, ena pabedi, ena kochapa, ena m'kabati. Oyera ndi abwino poti mlendo amaona yekha kuti achapidwa. Matiresi osachepera masentimita 15, okutidwa ndi nsalu yosalowa madzi. Neti ya udzudzu ikhale yopanda bowo ngakhale kuno kozizira. Mlungu uliwonse wantchito ayang'ane m'misoko ya matiresi ndi m'ming'alu ya bedi. Timadontho takuda ndi chizindikiro cha nsikidzi, ndipo mukangoona tsekani chipindacho, chapani zonse ndi madzi owira, yanikani matiresi padzuwa. Madalaivala amauzana za nsikidzi mofulumira kuposa Facebook.

Pa chakudya musachite manyazi ndi zakwathu. Wochokera ku Maputo safuna tchipisi cha nkhuku chimene wachisiya kwawo. Amafunsa mbuzi ya ku Tete, imene dzina lake linalembetsedwa mwalamulo ngati chinthu cha dera lino, amafunsa pende wa m'nyanja ya Cahora Bassa, nsomba youma ya chicoa, madzi a malambe, masau. Kuno ku Angónia tili ndi mbatatesi, nyemba, kabichi, mapichesi pa nyengo yake. Mbale zinayi zimene zilipo tsiku lililonse zimaposa mndandanda wa mbale 20 zimene theka lake yankho ndi lakuti zatha. Funsani mlendo za chakudya chamadzulo akangofika, kuti nkhuku isayambe kuthamangitsidwa iye atakhala kale patebulo.

Chomuchedwetsa

Zonse ndanenazi zimangopangitsa kuti mlendo asathawe. Kuti agone kawiri pafunika chochita mawa lake, ndipo apa ndi pamene ambiri timalephera. Akafunsa kuti kuno n'kuona chiyani, wantchito amayankha kuti kulibe. Kulibe bwanji? Phiri la Dómuè ndi lalitali mamita oposa 2,000. Mishoni ya Lifidzi yakhalapo zaka zoposa 100. Kufupi ndi mzinda wa Tete, makilomita pafupifupi 25 kumtunda kwa mtsinje, kuli tchalitchi cha Boroma chimene mishoni yake inayamba m'zaka za m'ma 1880. Mlatho wolenjekeka wa Samora Machel dzuwa likamalowa ndi wokwanira kuti munthu atulutse foni. Ku Songo, makilomita pafupifupi 150 kuchokera ku Tete, kuli damu la Cahora Bassa, khoma la mamita 171 lomalizidwa mu 1974, ndi nyanja yotalika makilomita pafupifupi 250 kukafika ku Zumbo, kumene Luangwa amathira mu Zambezi. Kumwera kwa nyanjayo kuli paki ya Mágoè, yokhazikitsidwa mu 2013.

Kutchula mayina kokha sikugulitsa. Lembani tsamba limodzi, m'Chinyanja, m'Chipwitikizi ndi m'Chingerezi, lonena ulendo uliwonse motere: kunyamuka nthawi yanji, pa chiyani, maola angati, ndalama zingati pamodzi ndi mafuta, chakudya chili kuti, kubwerako nthawi yanji. Ulendowo muuyende kaye nokha ndi wotchi, nthawi yachilimwe komanso yamvula, chifukwa msewu wa ola limodzi mu Ogasiti umakhala wa maola atatu mu Januwale. Kukaona mkati mwa damu kumafuna chilolezo cha a HCB, kampani yoyendetsa damulo, chopemphedwa pasadakhale, ndiye musalonjeze munthu kuti mawa akalowa. Ku mishoni dziwitsani abambo kapena asisitere, musangotulukira ndi gulu pakati pa mapemphero. Kuphiri tengani woperekeza wa m'mudzi wa m'tsinde, osati mphwanu wa kutauni. Amadziwa njira, amadziwa malo osaloledwa kupondapo, ndipo mudzi umene ukudya nawo susokoneza alendo.

Achinyamata a m'malire muno ali ndi chuma chimene sachiwerengera. Ambiri amalankhula Chinyanja, Chipwitikizi ndi Chingerezi chapakamwa. Woperekeza wotere amathandiza mlendo wa ku Zambia kupolisi, kuchipatala ndi kumsika. Mphunzitseni zinthu zitatu: kusunga nthawi, kunena mtengo umodzi osausintha panjira, ndi kusapeka mbiri ya malo.

Za Gule Wamkulu tiyende mosamala. UNESCO inauzindikira mu 2005 ngati chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia, ndipo alendo amaufunsa. Koma gule si wa hotela. Amatuluka pa maliro, pa ziliza, pa chinamwali, polonga ufumu, makamaka anthu akakolola. Njira yake ndi kupita kwa a nyakwawa kapena kwa mfumu ya mzinda, kupempha ngati alendo angaonerere pabwalo, n'kumva malamulo awo. Mlendo muuzeni asananyamuke kuti kudambwe sikupitidwa, kuti safunsa amene ali m'chilombo, kuti kujambula n'kopempha kaye, kuti avale modzilemekeza ndipo akhale ndi ndalama zing'onozing'ono zosupa. Ya mudzi iperekedwe poyera pamaso pa akuluakulu. Ndalama yopatsira munthu mmodzi kuseri imatseka bwalo kwa alendo onse obwera pambuyo. Enanso amasonkhanitsa anyamata n'kuwaveka zigoba kuti avinire alendo kuseri kwa bala. Zimenezo eni mwambo amaziona ngati chipongwe, ndipo mlandu wake sutha msanga.

Kunyanja ngozi zake n'zodziwika. Alendo a mbedza amabwera kudzafuna mcheni wa mu Zambezi, nsomba ya mano ija amaitcha tiger fish, makamaka nyengo yotentha mvula isanagwe, ndipo kuwedza kotere kumafuna laisensi. Boti likhale ndi jekete yoyandamitsa ya munthu aliyense, yovala osati yokhalira. Mafuta agawidwe patatu: opitira, obwerera, ndi osungira. Mphepo ya pa Cahora Bassa imadzutsa mafunde mwadzidzidzi, choncho nyamukani m'mamawa, ndipo woyendetsa akakana kulowa m'madzi mawu ake ndi omaliza ngakhale mlendo atalipira kale. M'mphepete muli ng'ona ndi mvuu, m'madzi odikha muli likodzo. Wofuna kusambira muuzeni mosapita m'mbali kuti ayi. Amene mukufuna kugwira ntchito kufupi ndi paki dziwani kuti lamulo limapereka 20 peresenti ya misonkho ya nkhalango ndi nyama kwa anthu a m'deralo, ndipo ku Mágoè anthu anazolowera kukambirana zoterezi kuyambira nthawi ya Tchuma Tchato, ntchito yoti midzi izipindula ndi nyama za m'dera lawo, m'zaka za m'ma 1990. Pitani kudzera m'makomiti awo.

Kupatsirana alendo

Palibe nyumba imodzi ingasunge mlendo masiku anayi. Koma ya ku Ulongwe, ya ku Tete ndi ya ku Songo zitagwirizana zingathe. Mgwirizano umene ndauona ukuyenda ndi waung'ono: eni malo ogona atatu kapena anayi m'matauni osiyana, lesitilanti imodzi, madalaivala awiri, wa boti mmodzi, operekeza angapo, onse pa gulu limodzi la WhatsApp. Wotumiza mlendo amalandira 10 peresenti ya usiku woyamba wokha, yolipiridwa pa M-Pesa kapena e-Mola tsiku lomwelo. Peresentiyo ichoke m'thumba la wolandira mlendo, isaonjezedwe pa mtengo, chifukwa mlendo akazindikira kuti walipira kuposa mnzake amasiya kukhulupirira gulu lonse. Musatumize munthu kumalo kumene inu simunagoneko kapena kudyako.

Magulu otere amafa ndi zinthu ziwiri. China ndi bokosi la ndalama. Mukangoyamba zosonkhetsa pamwezi ndi kusankha msungichuma musanapatsirane mlendo ndi mmodzi yemwe, misonkhano yonse idzakhala ya bokosilo. China ndi kutsitsirana mitengo mobisa. Gwirizanani mtengo wotsikitsitsa, wophwanya mumusiye kunja miyezi itatu. Gulu likakhazikika ndi pamene mungapite limodzi kwa akuluakulu a boma kukapempha zinthu zenizeni, monga chikwangwani pamphambano, kukonza kamlatho, kapena chimbudzi pamsika. Kalata ya mabizinesi 10 okhala ndi alvará imamveka kusiyana ndi dandaulo la munthu mmodzi.

Pa intaneti chofunika choyamba si tsamba lokongola. Ikani malo anu pa Google Maps mutaima pageti penipeni, ndi nambala yoyankhidwa usiku. Jambulani bedi, bafa ndi poimika galimoto, masana, osakongoletsa. Uthenga wa WhatsApp uyankheni msanga, pakuti wodutsa amalembera malo atatu nthawi imodzi n'kupita kumene ayamba kuyankha. Sungani uthenga wokonzeratu wa za pachipata. A ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe amalowa ndi pasipoti popanda viza mpaka masiku 30. Mu 2023 boma linachotsanso viza kwa alendo a mayiko 29, koma ndondomeko zake zimasinthasintha, ndiye muzifunsa ku Migração musanauze munthu. Wobwera ndi galimoto yake akhale ndi mapepala a galimotoyo, chilolezo cholowetsera kwa kanthawi, inshulansi yogwira ntchito ku Mozambique, matrayango awiri ndi jekete yonyezimira. Muuzeninso asinthe ndalama pamalo ovomerezeka, atengeretu mametikali okwanira popita kumaboma akutali, chifukwa makina a banki kumeneko ndi ochepa. Mitengo yanu ikhale ya metikali. Kulandira kwacha pa mtengo wa dzulo kwadyera ambiri phindu la mlungu wonse.

Masemina amakoma poti amadzaza nyumba, koma ndi amene amagwetsa mabizinesi ang'onoang'ono. Mumagula chakudya cha anthu 30 ndi ndalama yanu, malipiro n'kubwera patapita miyezi. Musayatse moto musanalandire kalata yoitanitsa yosainidwa ndi kudindidwa, yonena chiwerengero cha anthu, masiku ndi mtengo. Pemphani theka pasadakhale. Tsiku lililonse wotsogolera asaine pepala la anthu amene adya, poti mkangano umabuka pa mbale zoonjezera. Ofesi imene ili ndi ngongole yakale isalandire semina yatsopano, ngakhale akulonjezeni zotani.

Pomaliza penipeni, kalendala. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala ndi nyengo ya alendo, Januwale ndi Febuluwale ndi yopenta, kusoka maneti ndi kupereka tchuthi kwa antchito. Loweruka lomaliza la Ogasiti kuli Kulamba ku Mkaika, kufupi ndi Katete, kumene mafumu a Achewa a mayiko atatu amakalamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo magulu a kwathu kuno amadutsa msewu wa ku Cassacatiza. Amene muli m'njira imeneyo lankhulani ndi atsogoleri a magulu mu Julayi, gwirizanani mtengo wa gulu wa malo ogona ndi nsima, landirani theka, muguliretu ufa ndi nkhuni mitengo isanakwere.